Pothirira madzi pa boti lathu la ku Vaal: miyezi 14 chisamutsireni

Amene adatipeza tikuboola boti ku Deneysville, pa damu la Vaal ku South Africa, mu Januwale chaka chatha akhala akundifunsa ngati ntchito ija yosamutsa pothirira madzi akumwa idapindula. Kaboti kake ndi ka thanga, ka mamita asanu ndi awiri ndi theka, kakale kuposa ana athu onse, ndipo tidagula mosonkherana ndi alamu anga. Mvula ija idatha, chisanu chidadutsa, mvula ina yagwanso, ndiye tsopano ndingayankhe.

Amene adapanga botili adaika pothirira madzi akumwa pakanjira kam'mbali, pomwe deki, pamwamba pa boti poyendapo, imatsetserekera kukakumana ndi kamzere kotchinga phazi. Pamenepo ndi pangalande. Madzi a mvula, otsukira deki, fumbi, zitosi za mbalame zodya nsomba, zonse zimadutsa pamwamba pa chitsekerero, zina n'kudikha pomwepo. Chotchinga zonsezo kuti zisalowe m'thanki ndi kamphira kamodzi kozungulira, O-ring, kochepa ngati chibangili cha khanda. Ife mkati mwa sabata tili pa ntchito ku Johannesburg, boti limatha masabata atatu lili lokha, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa: masana kuli ngwee, pofika 4 koloko ziphaliwali ndi matalala. Madzi a m'thanki adayamba kununkha chithaphwi. Tiyi wake ngakhale alamu, amene sakana tiyi, ankangomuyang'ana.

Chidatimaliza ndi dizilo. Pothirira dizilo padali pafupi, chikhatho chimodzi basi, chitsekerero chofanana, kiyi wotsekulira yemweyo, ndipo zilembo za WATER ndi DIESEL zidafufutika kalekale. Tsiku lina kutada ndidawagwira dzanja alamu chigubu cha dizilo chitapendekeka kale.

"Alamu, mukufuna tiphike nsima ya dizilo?"

"Nanga inu mukadaona? Zonse n'zofanana izi."

Sadaname. Ndiye tidagula chitsekerero chatsopano cha chitsulo chosachita dzimbiri, cha mtundu wa 316, n'kuchiika pamwamba pa kachipupa kozungulira pokhalira woongolera, mbali inayo, kutali ndi dizilo. Pamenepo ndi pokwera ndi masentimita 20 kuchokera pa deki, madzi saimapo.

Pa madzi penipenipo ndilibe dandaulo. Mu Ogasiti ndidatsekula thanki, ya malita 80, ili pansi pogona, n'kupisamo dzanja ndi kansalu koyera. Kadatuluka ndi tinyenyeswa tochepa, ndere ayi, fungo ayi. Kale pomafika nthawi ngati imeneyi tinkatsuka ndi Jik kawiri. Chimene chidanditsimikizira ndi O-ring uja. Chisanu cha kuno n'chouma, m'mawa udzu umayera, masana dzuwa limawotcha poti damuli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Kamphira kadauma, kadachita ming'alu iwiri yooneka ndi maso. Pamalo akale aja thanki ikadamwa mvula yoyamba yonse. Pano palibe chidalowa, chifukwa palibe madzi okhala pamenepo kudikira mpata. Ndidasintha kamphirako, ndidapaka girisi wa silicone pang'ono. Vaseline musayerekeze, mphira wina amafufuma naye.

Tsono manyazi anga. Ndine pulambala, ndimadyera mapaipi ku Rosettenville, mu Johannesburg, zaka khumi ndi ziwiri, koma ndidaiwala kapaipi kopumira thanki. Paipi yothirira ndi ya mamilimita 38, yopumira ndi ya 16, ndipo yopumirayo idathera m'kabati mkati mwa boti. Kale kukamwa kwake kudali pamwamba kuposa pothirira, ndiye thanki ikadzaza madzi ankasefukira panja pa deki. Titakweza pothirira, kopumira kadatsala m'munsi. Madzi safunsa kuti mwini boti amagwira ntchito yanji. Tsiku loyamba kudzaza mpaka pakamwa, ine ndili panja kuthira mosangalala, mkati madzi akuchucha m'kabati, kunyowetsa mabulangete ndi thumba la ufa limene mayi akunyumba adatipakulira. Ndidatalikitsa kapaipiko, kukakweza kupitirira pothirira, n'kukapinda kuti kayang'ane pansi. Mu Novembala thanki idayambanso kugeya pothira, madzi kumabwerera kumaso. Ndidapeza kachilombo kofanana ndi mavu katamata dothi m'kamwa mwa kapaipiko. Pano pali kaneti.

Paipi yothirira idatalika kufika mamita awiri ndi theka, ndipo pakati idagwa mimba, madzi n'kumatsalira m'menemo. Makilampu atatu adathetsa nkhaniyo.

Chimene sichidathe ndi msana. Boti lathu silikhala pagombe, limamangidwa pakati pa madzi, timalipeza pa kaboti kopalasa, ndiye za kukoka paipi kuchokera pampopi palibe. Madzi timanyamula m'zigubu za malita 25, ndiye kuti makilogalamu 25 chimodzi. Kukweza chigubu chotere mpaka pa kachipupa, boti likugwedezeka ndi mafunde a amaboti a injini Loweruka masana, si masewera. Otayika amathera pampando, wina n'kukhalapo. Tidagula kapaipi kokokera, timaika chigubu padenga la kachipinda madzi n'kumatsika okha, koma zimachedwa, ndipo alamu kudikira si mbali yawo. Zimandisekesa ndikaganiza kuti madzi a m'zigubuzo adachokera m'damu lomweli: kampani ya madzi ya Rand Water imatunga a Vaal, kuwayeretsa cha ku Vereeniging, kuwapopera ku Johannesburg, ife n'kuwabweza pa galimoto ulendo wa ola ndi theka. Kwathu ku Senga Bay agogo akadamva zimenezi akadati tapenga.

Wofuna kuchita zomwezi asamale poboola. Deki yathu ili ndi thabwa pakati pa fibreglass, ndipo madzi akalowa m'thabwalo limawola mwakachetechete. Tidakokota thabwa kuzungulira bowo, kudzaza guluu wolimba wa epoxy, kenako kumata ndi mphira womata wa butyl pansi pa chitsekerero. Ndagogodapo mwezi watha, pakulira bwino, sipadafewe. Bowo lakale tidatseka, koma utoto sudafanane, chigamba chikuoneka ngakhale uli pagombe. Mdala wina wa boti loyandikana nalo amachiloza nthawi zonse akamadutsa.

Nditati ndiyambirenso ndingaike pomwepa, kungosunthira kutsogolo pang'ono, chifukwa chingwe cha thanga lakutsogolo chimakola pa chitsekerero tikamakhota. Alamu tsopano akuti tikwezenso pothirira dizilo mbali inayo kuti zifanane. Ndakana. Madzi akatayikira pampando amauma, dizilo akatayikira pamenepo tidzamununkha mpaka Khirisimasi, ndipo adzathera m'damu lomwe timamwa. Ndangogula O-ring winanso ndi utoto wofiira wopaka chitsekerero cha dizilo.