LokSound 5 DCC mu GP9 yanga ya HO: kasitima kopepuka kayamba kulemera

Pa zonse zimene ndachitapo pokongoletsa timasitima tanga, palibe chimene chinasintha kayendetsedwe kanga ngati dekoda ya LokSound 5 DCC. Imapangidwa ndi kampani ya ESU ya ku Germany, ndipo inatuluka mu 2019 kulowa m'malo mwa LokSound V4.0. Ine ndinaiika m'mutu wa sitima wa GP9 wa sikelo ya HO, ya 1:87, yoyenda pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5. Kadekodako n'kakang'ono, mamilimita 30 m'litali ndi 15.5 m'lifupi, koma ndi kamene kamayendetsa mota, kuyatsa nyali ndi kutulutsa mawu onse.

Kwa amene simunayambe DCC, nkhani yake ndi yakuti njanji zimakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo malamulo opita kwa sitima amadutsa m'magetsi omwewo. Mutu uliwonse uli ndi nambala yake, umamvera zake zokha. Njirayi inachokera ku kampani ya Lenz, kenako bungwe la NMRA la ku America linaivomereza m'zaka za m'ma 1990 kuti onse azitsatira. N'chifukwa chake dekoda ya ESU imamvera chiwongolero cha kampani ina popanda vuto. Yatsopano imayankha pa nambala 3 mpaka mutaisintha.

Chimene chinandikoka mtima ndi ichi. GP9 yeniyeni, imene kampani ya EMD inayamba kupanga mu 1954, ili ndi injini ya dizilo ya 567C, ya masilinda 16, ya mphamvu 1,750 horsepower. Injiniyo siyendetsa magudumu mwachindunji. Imazungulitsa jenereta, jenereta n'kupereka magetsi ku mamota a m'magudumu, ndipo dalaivala amakweza kapena kutsitsa mphamvu pa masitepe 8. Ndiye kulira kwa injini sikufanana ndi liwiro la sitima. Ikamanyamuka ndi mabogi ambiri odzaza, injini imabangula mwamphamvu sitimayo ikungokwawa, ngati lole yolemedwa pa chitunda. Ikamatsetsereka, imathamanga injini ili phee. Dekoda yongomangirira mawu ku liwiro siingasonyeze zimenezi, ndipo khutu limazindikira msanga kuti ichi ndi chidole.

LokSound 5 ili ndi Drive Hold, imene m'mafayilo a masitima a ku America imakhala pa batani la F9. Mukalidina, sitima imasunga liwiro limene ili nalo, ndipo chiwongolero chanu chimayamba kulamula injini yokha. Ine ndimanyamula mabogi pang'onopang'ono, kudina F9, n'kukweza chiwongolero mpaka 567C ija ifike pa sitepe yachisanu ndi chitatu. Kamutu kamene ndimanyamula ndi dzanja limodzi kamamveka ngati kakulimbana ndi katundu wa matani ambirimbiri. Ndikazimitsa F9, liwiro limakwera pang'onopang'ono kukafika pamene chiwongolero chili. Pa F10 pali buleki yapadera, yoti muimitse sitima nokha pamalo pamene mukufuna, mabuleki akulira. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuthamangitsa sitima mozungulira. Tsopano ndimayatsa injini pa F8, kuidikira ilire bwino, kuliza belu pa F1, ndipo pofika podutsira msewu ndimaliza hutala pa F2 monga mwa lamulo la ku America: kawiri motalika, kamodzi mwachidule, kamodzinso motalika.

Mawu ake ndi oyera. Dekodayi imatha kutulutsa mawu 10 osiyanasiyana nthawi imodzi, pa 16 bit, choncho hutala ikamalira injini siizimirira pansi pake, belu limamvekabe, ndi kompuresa ya mpweya imene imadziyambira yokha nthawi ndi nthawi. Sankhani fayilo yoyenera. 567C ilibe turbo, kulira kwake n'koguguda mosalekeza, pamene 645E3 ya mu SD40-2 ili ndi mluzu wa turbo pamwamba. Mukasokoneza ziwirizi, aliyense wodziwa masitimawa amva pomwepo.

Koma mawu abwinowa safika m'khutu popanda kuwagwirira ntchito, ndipo apa ndikhalitsepo. Chigoba cha GP9 n'chopapatiza, malo a sipika n'ngochepa kwambiri. Ndinagwiritsa ntchito timasipika tiwiri ta mamilimita 11 ndi 15, timene anthu amatitchula sugar cube. Kasipika kotere kakakhala pamtunda kopanda bokosi, mawu ake amakhala opyapyala ngati a foni yakale, chifukwa mpweya umene kakukankha kutsogolo umazungulira n'kukadzaza kumbuyo, mafunde awiriwo n'kumafafanizana. Mawu okhuthala a pansi ndi amene amayamba kutayika, pamene kukoma kwa dizilo kuli momwemo. Kabokosi kayenera kutsekedwa kotheratu, osasiya kampata ngakhale pamene padutsa waya. Ine ndinamata m'mbali monse ndi guluu woyera wochepa, pogwiritsa ntchito nsonga ya singano kuti asakhudze kachikopa kogwedera ka sipika. Kabokosi kakakula, mawu amakhuthalanso, ndiye musawononge millimita iliyonse imene ilipo pakati pa flywheel (kagudumu kolemera kozungulira ndi mota) ndi denga. Dekodayi imalandira masipika a 4 mpaka 32 ohm. Awiri a 8 ohm olumikizidwa mbali ndi mbali amakhala 4 ohm, zili bwinobwino, bola mawaya ake alunjikane, + ku + ndi - ku -. Mukatembenuza limodzi, masipikawo amatsutsana ndipo mawu amachepa m'malo mokula.

Pa voliyumu ndili ndi maganizo anga olimba. Ma CV ndi malo a manambala m'dekoda mmene mumalembamo zimene mukufuna kuti izichita. CV 63, ya voliyumu yonse, imafika 192, ndipo anthu ambiri amaisiya pamwamba. Timasipika tating'ono tikakakamizidwa timayamba kunjenjemera, komanso m'chipinda mutu umodzi umadzaza paliponse, osadziwikanso kumene uli. Yanga ndinaitsitsa kufika pansi pa theka. Sitima ikapita kutali imamveka kuti yapita, ikamabwera imamveka kuti ikubwera, ndipo n'zimene ndimafuna. Mawu aliwonse alinso ndi voliyumu yakeyake, ndiye belu ndinalitsitsa kwambiri, hutala n'kuisiya pamwamba pang'ono pa injini.

Mutu wanga ndi wakale, wopanda polowetsa dekoda, choncho ndinatenga ya mawaya n'kuwotcherera ndekha. Mitundu ya mawaya ndi yodziwika: wofiira ku njanji ya kumanja, wakuda ku ya kumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mota, woyera ku nyali ya kutsogolo, wachikasu ku ya kumbuyo, wabuluu ndi + wa nyali zonse, ndipo awiri abulauni ndi a sipika. Chinthu chimodzi musachinyalanyaze: m'mitu yambiri yakale mbali imodzi ya mota imatenga magetsi kudzera m'fulemu yachitsulo. Mbali imeneyo iyenera kulekanitsidwa ndi fulemu kotheratu, muyeze ndi mita kuti mutsimikize, apo ayi dekoda iliyonse ipsa pongoikhazika pa njanji. Amene mitu yanu ili ndi polowetsa pa mapini 8, 21MTC kapena PluX22, ntchito yanu ndi yongobaya. Nyali ndinachotsa mababu n'kuika ma LED oyera ofunda, iliyonse ndi resistor ya 1,000 ohm.

Kayendetsedwe ka mota ndi kamene anthu saanena mokwanira akamakamba za dekodayi, koma popanda iko Drive Hold ikanakhala yachabe. Dekoda imayeza magetsi amene mota ikubweza pamene ikuzungulira, n'kudziwa ngati ikufooka kapena ikuthamanga mopitirira. Ilinso ndi njira yodziphunzirira mota yanu. Ikani mutu pa njanji yayitali yowongoka, lembani 0 mu CV 54, kenako dinani F1. Mutuwo umanyamuka mwaliwiro lonse kwa kanthawi kochepa n'kuima wokha, ndiye onetsetsani kuti kutsogolo kulibe mabogi kapena mathero a tebulo. GP9 yanga itatha zimenezi inayamba kukwawa pa sitepe yoyamba mwa masitepe 128 a liwiro a pa chiwongolero moti mumachita kuwerenga matabwa a pansi pa njanji pamene ikudutsa. Kenako ndinakweza CV 3 ndi CV 4 kuti isamanyamuke kapena kuima mwadzidzidzi. Ndi manambala awiri okha, koma amapatsa injini mpata wobangula magudumu asanayambe kusuntha.

Dekoda iliyonse ya mawu imavumbula dothi. Mutu wopanda mawu ukadumpha magetsi pang'ono pa mphambano ya njanji, flywheel imaukankha n'kupitirira inu osadziwa. Wa mawu umaduka mpweya, nyali n'kuphethira, ndipo maloto onse aja amatha pomwepo. Pukutani njanji ndi magudumu, ndiponso magudumu onse 8 azitenga magetsi. Ine ndinawonjezera PowerPack ya ESU yomweyo, kamene kamasunga magetsi pang'ono n'kuthandiza dekoda kudutsa malo akufa. Kali ndi mawaya atatu owotcherera pa dekoda penipeni, pa timalo tating'ono kwambiri, choncho pamafunika chowotcherera cha nsonga yopyapyala ndi dzanja lodekha. CV 113 ndi imene imanena kutalika kwa nthawi imene kazithandiza. Musaike yayitali, chifukwa mutu ukachoka pa njanji uzipitirirabe kuyenda pa tebulo.

Pali mbali imene wogula ayenera kuidziwiratu. Mafayilo a mawu ESU imawapereka ulere pa intaneti, ndipo alipo ambiri, a dizilo, a magetsi ndi a malasha. Koma kuti mulowetse fayilo m'dekoda pamafunika LokProgrammer, kabokosi kogulidwa padera kolumikiza ku kompyuta, ndipo pulogalamu yake ndi ya Windows. Ogulitsa ambiri amakulowetserani fayilo imene mwasankha musanatenge dekodayo, ndipo kwa munthu wa mutu umodzi kapena iwiri zimenezo n'zokwanira. Vuto limabwera mukafuna kusuntha mabatani, mwachitsanzo kuti F5 izichita zina. Ma CV a zimenezo ali pamwamba pa 256 ndipo amafuna kuti muyambe mwalemba CV 31 ndi CV 32 musanawakhudze. Kuchita zimenezi ndi chiwongolero cha m'manja n'kotopetsa, ndipo n'kosavuta kulemba nambala pamalo olakwika. Pulogalamu yaulere ya JMRI DecoderPro imathandiza pa ma CV, ngakhale mawu siingalowetse. Ine ndikuona kuti amene akufuna kuika madekodawa m'mitu ingapo angogula LokProgrammer poyambirira pomwe. Zikasokonekera, kulemba 8 mu CV 8 kumabwezeretsa zonse mmene zinalili.

Mawu atalowa, maso anayamba kuona zimene kale ankalekerera. Mutu womveka ngati weniweni sugwirizana ndi zogwirira zongoumbidwa pa pulasitiki. Ndinazipala ndi kampeni, kuboola timabowo ndi kabisi kopyapyala kozungulitsa ndi zala, n'kupinda zatsopano kuchokera ku waya wa mkuwa wa mamilimita 0.3. Hutala ya pa denga ndinaika yachitsulo, zolumikizira mabogi ndi za Kadee, ndipo mwaye ndinaupaka ndi ufa wakuda kuzungulira mipope iwiri ya utsi, pang'ono pokha. Onaninso denga la mutu wanu musanazolowere F4. Batani limeneli ndi la dynamic brake, buleki yogwiritsa ntchito mamota a m'magudumu, ndipo si GP9 iliyonse inali nayo. Imene inali nayo imadziwika ndi chotupa cha m'mbali ndi fani yake pakati pa chigoba chachitali. Makampani ena, monga Norfolk & Western, ankayendetsa GP9 chigoba chachitali chili kutsogolo. Ngati mukutsanzira amenewo, CV 29 imatembenuza kutsogolo ndi kumbuyo, nyali n'kutsatira.

Mabogi nawonso anafunika kukhudzidwa. Ndinachotsa magudumu a pulasitiki n'kuika achitsulo, amene sakundika dothi msanga ndipo amagogoda okha pa mfundo za njanji. Kulemera kwake ndinatsatira malangizo a NMRA a RP-20.1: pa HO, ounce imodzi, pafupifupi magalamu 28, kuphatikiza theka la ounce pa inchi iliyonse ya kutalika kwa bogi. Mabogi olemera bwino sagwedezeka pamene mutu ukukwawa, ndipo mukakoka, zolumikizira zimamangika chimodzichimodzi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Si mutu uliwonse ufunika mawu. Mitu itatu ikalira pamodzi m'chipinda chimodzi, khutu limatopa msanga. GP9 yanga yachiwiri, imene imayenda kumbuyo kwa yoyamba, ndinaiika LokPilot 5 ya ESU yomweyo, yopanda mawu. Kayendetsedwe ka mota n'kofanana, moti nditalemba manambala omwewo mu CV 3 ndi CV 4 n'kufananitsa liwiro lapamwamba pa CV 5, mitu iwiriyi imanyamuka ndi kuima limodzi popanda kukankhana.