Foda ya “Abambo” ku Kamuzu Road: makatuni abwino, kabenedwe kofunika maso

Pa Kamuzu Road ku Salima pali timashopu tingapo tobena nyimbo ndi mafilimu mu fulashi ndi mu memole khadi. Kamodzi mwa ito kali ndi foda yomwe mnyamata wa pakompyuta anaitcha “Abambo”. Muli magawo a The Flintstones, The Jetsons, The Simpsons ndi Family Guy, onse m'thumba limodzi. Kusonkhanitsa kumeneku n'kwanzeru, chifukwa mukaonera makatuniwa motsatana zaka zake mumazindikira kuti mukuona bambo mmodzi yemwe wakhala akusintha malaya kuyambira 1960. Koma mmene mafayilowo anabenedwera mukhoza kufika kunyumba n'kuphonya zonsezo.

Woyamba ndi Fred Flintstone, wa kampani ya William Hanna ndi Joseph Barbera, yemwe anaonekera pa TV ku America kuyambira 1960 mpaka 1966, magawo 166. Amagwira ntchito pamalo ophwanyira miyala pansi pa bwana wolusa, Mr. Slate. Mu 1962 kampani yomweyo inatulutsa George Jetson, wa m'tsogolo, yemwe ntchito yake ndi kudina batani ku fakitale ya Mr. Spacely. Homer Simpson anayamba ndi tizidutswa tatifupi mu 1987, n'kukhala ndi pulogalamu yakeyake mu Disembala 1989, ndipo amayang'anira zachitetezo pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Mr. Burns. Onse atatu ndi antchito a pamwezi, amanjenjemera bwana akatsokomola, amachotsedwa ntchito lero n'kubwezedwa gawo lisanathe. Kunyumba nzeru zili ndi amayi: Wilma, Jane, Marge, ndipo kwa Peter Griffin wa Family Guy ya mu 1999 ndi Lois. Fred ali ndi mnzake Barney Rubble, Homer ali ndi Barney Gumble. Fred akathawa zapakhomo amakapezeka ku bowling kapena ku kalabu ya Water Buffalo, Homer ku bala ya Moe, Peter ku Drunken Clam. Gawo lenilenilo kawirikawiri limayenda chimodzimodzi: bambo wapeza njira yachidule yolemerera kapena yobisira cholakwa, zamuphulikira, wapepesa. Ngakhale Fred amene si chiyambi, pakuti anaumbidwa potengera Ralph Kramden, dalaivala wa basi wa pulogalamu ya anthu enieni ya The Honeymooners ya m'ma 1950. George yekha ndiye amapatukako, ndi woonda komanso wamantha, sabangula ngati anzakewo.

Pokoma penipeni kwa wokonda makatuni ndi pa kajambulidwe. Filimu imadya zithunzi 24 pa sekondi, ndipo ndalama za TV sizikanakwana kujambula thupi lonse mobwerezabwereza. A Hanna-Barbera ankajambula thupi pa kapulasitiki koonekera kotchedwa cel n'kulisiya chiimire, mutu pa cel ina, pakamwa pa inanso. Pankafunika mzere wobisa polumikizira mutu ndi thupi, ndiye n'chifukwa chake Fred, munthu wovala chikopa cha nyama wopanda nsapato, ali ndi tayi m'khosi, ndipo George ali ndi kolala yaitali. Onaninso mthunzi wa ndevu wozungulira pakamwa pa Fred. Umapatsa pakamwa malire ake, kuti pazisuntha pokha nkhope yonse ili duu. Homer ali nawo womwewo, wabulauni, pamwamba pa kolala yoyera. Werengani zala: zinayi dzanja lililonse. Fred akamathamanga m'nyumba, yang'anani kumbuyo, zenera ndi mpando womwewo zimadutsa kangapo chifukwa chithunzi chakumbuyo n'chimodzi chongozungulira. Kusowa kwa ndalama ndiko kunaumba nkhope ya bamboyu, ndipo ojambula a pambuyo pake anaitengera ngakhale atapeza makompyuta.

Apa ndiye pomwe shopuyi yalakwitsa kwambiri. Makatuni onsewa, kuphatikizapo The Simpsons mpaka kumayambiriro kwa 2009 ndi Family Guy mpaka 2010, anajambulidwa pa 4:3, chithunzi cha TV zakale zachimbuyo. Mafayilo ambiri a mufodayi anakokedwa kuti adzaze sikirini ya 16:9, yotambalala ya TV zamakono. Fred amatuluka wophwatalala ngati chule, ndipo George woondayo amaoneka wonenepa, kusiyana kwawo kuja n'kufafanizika. Magawo ena a Homer anadulidwa kumwamba ndi kumunsi, zomwe zimadya nthabwala zolembedwa pazikwangwani. Fayilo yokokedwa pa 16:9 mukhoza kuikonza posankha 4:3 pa rimoti. Yodulidwa ilibe mankhwala. Musanabene, uzani mnyamatayo atsegule gawo limodzi lakale la pulogalamu iliyonse: loyenera limasiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja.

Chachiwiri ndi mtundu wa fayilo. Ena ndi MP4 a H.264 okhala ndi mawu a AAC, ndipo amaseweredwa pafupifupi paliponse. Ena ndi MKV a H.265, omwe pakompyuta ya pashopu amayenda bwinobwino koma TV ndi DVD zakale zimawakana, kapena zimatulutsa mawu opanda chithunzi. Mukaona chithunzi chikuyenda koma zii, vuto ndi mawu a DTS kapena AC3 omwe TV yanu siiwadziwa. Pemphani MP4 basi. Fulashi ikhale yofomatidwa mu FAT32, chifukwa TV zambiri zotsika mtengo siziwerenga yofomatidwa mu exFAT. FAT32 siilola fayilo yoposa 4 GB, koma gawo la katuni silifika n'komwe kumeneko.

Za malo, gawo la mphindi 25 pa 480p (chithunzi chooneka ngati cha DVD) limadya pafupifupi 150 MB. Fulashi ya 16 GB imatenga magawo pafupifupi 95, ndipo The Flintstones yonse ikufuna 25 GB, kutanthauza fulashi ya 32 GB yakeyake. Bwerani ndi yanu yodalirika. Zilipo zachinyengo zolembedwa 64 GB pamene m'kati muli 8 GB: mayina a mafayilo amaoneka onse, koma omalizira kulowa satseguka. Yesani fayilo yomaliza musanachoke pakauntala, osati yoyamba. Mukafika n'kupeza mafoda asanduka ma shortcut, ndi vayirasi ya pakompyuta yobenera, musawadine pa laputopu yanu.

Mayina a mafayilo ndi osakanikirana, ena angolembedwa “Fred 2”, “Fred new”. Izi zimapweteka chifukwa Fred sanayambe ali bambo. Mwana wake wamkazi Pebbles anabadwa mu February 1963, m'chaka chachitatu cha pulogalamuyi, ndipo kuona mmene mkuluyu amafewera mwana atabwera kumafuna kutsata ndondomeko. Mnyamatayo amalola kukulemberaninso mayina monga S03E01 (chaka chachitatu, gawo loyamba) mukamuuza modekha nthawi imene pashopu palibe mzere, ndipo pamenepa ayenera kuyamikiridwa.

Makolo, musanyengedwe ndi mawu oti katuni. The Flintstones ankaionetsa madzulo kwa akuluakulu, ndipo zaka zoyambirira ankaithandiza ndi a fodya wa Winston, komabe lero ana akhoza kuionera limodzi ndi The Jetsons popanda nkhawa. The Simpsons ikufuna wamkulu pafupi. Family Guy si ya ana ngakhale pang'ono, ndipo kuiika foda imodzi ndi Pebbles n'kulakwitsa kwenikweni, makamaka poti TV zambiri zikamaliza fayilo ina zimangolowa yotsatira zokha. Ibenedwe mu fulashi ina, kapena isiyeni konko pashopu.