FamilySearch patapita miyezi: zina zimatseguka kunyumba, zina ayi

Amene ndinawauza chaka chatha za FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya makolo, akhala akundifunsa ngati munthu angafufuze makolo ake ali khale kunyumba kuno ku Lilongwe. Angathe, koma osati mpaka pamapeto.

Tsambali ndi laulere, eni ake ndi mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints wa ku Salt Lake City. Mu 2021 anamaliza kuika pakompyuta mafilimu awo akale oposa 2 miliyoni, momwe anajambulamo mabuku akale a mayina a anthu. Kwa ife a Malawi chuma chili m'mabuku a imfa a ku Zimbabwe ndi South Africa, momwe munalembedwa matchona amene anapita ku Salisbury (lero Harare) kapena ku Joni pa Wenela osabwerako. Dzina, chaka ndi malo zimaoneka pafoni, bola bandulo ilipo. Muziyesa dzina m'kalembedwe kosiyanasiyana, chifukwa alembi a nthawi imeneyo ankalemba momwe amvera, ndipo dziko muziika Nyasaland.

Vuto limayamba mukafuna chithunzi cha pepala lenilenilo. Pambali pa filimu pamakhala kachizindikiro: kamera yokhayokha ndiye kuti tsegulani. Koma kamera ikakhala ndi kakiyi, kunyumba simuona kanthu, ngakhale intaneti ithamange bwanji. Mapepala otero amatseguka pa FamilySearch Center kapena mulaibulale imene inalowa nawo m'mgwirizano. Chifukwa chake n'chakuti mabukuwo ali ndi eni ake, maboma ndi mipingo, ndipo ndiwo amanena kuti aonedwere kuti. Laibulale wamba siithandiza pamenepa. Yang'anani kaye malo oterewa pamapu a tsambalo musanawononge ndalama ya minibasi.

Ine ndinatuma mphwanga wa ku Johannesburg kumalo otere ndi nambala ya filimu momwe munali munthu amene ndinkafufuza. Pepala limene anaona linali ndi boma la kwawo kwa malemuwo ndi matenda amene anawapha, zomwe pamndandanda wa mayina panalibe. Ndiye kakiyi kaja sikopeputsa.

Za kuno kwathu, musayembekeze zambiri. Kulembetsa mwana aliyense akabadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, choncho agogo athu ambiri amapezeka m'mabuku a ubatizo basi, monga a ku Nkhoma kapena ku parishi ya Likuni, ndi m'mafayilo a National Archives ku Zomba. Kumeneko mumapita nokha, mutadziwa kale mudzi, mfumu ndi dzina limene munthuyo anabatizidwa nalo.