Sefa ya migolo itatu pa damu la kuseri: mmene yagwirira ntchito patatha chaka

Sefa yoyeretsera madzi imene ndinalumikiza ndekha pa damu langa la nsomba kuno ku Lilongwe yaona mvula ya dzinja, chisanu cha Juni ndi Julayi, ndiponso dzuwa loswa mtengo la Okutobala. Tsopano ndikhoza kunena zimene yakwanitsa ndi zimene zaikanika. Ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo chimene chaisunga ndi valavu yotayira matope imene ili pansi pa mgolo uliwonse. Sefa siichotsa nyansi m'madzi kuti zizimiririke. Imangozisonkhanitsa malo amodzi, ndipo ngati kuzitulutsa pamalopo kuli kovuta, mwini wake amayamba kuzengereza, kenako sefa ija imasanduka dzala limene madzi a nsomba akudutsamo usana ndi usiku.

Damulo ndi la simenti, mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi, kuya mita imodzi, kutanthauza malita 6,000 likadzaza. Muli makumba ndi chilunguni pang'ono. Sefayo ndi migolo itatu ya pulasitiki ya buluu, ya malita 200 uliwonse, yosanjidwa pa chiunda cha njerwa kuti ikhale pamwamba pa madzi a m'damu. Pogula migolo ndinafunsitsa chimene munali kale. Mgolo umene munali mankhwala kapena mafuta a galimoto ndi wosayenera ngakhale muutsuke chotani.

Pampu ndi yomira m'madzi, ya mawati 60. Pa katoni yake analemba malita 5,000 pa ola, koma nambala imeneyo ndi ya pampu ikamakankha madzi osakwera nawo paliponse. Kukwera mpaka pakamwa pa mgolo, kuphatikiza ma elibo (zolumikizira zokhota za mapaipi), kumadya mphamvu yambiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: ndowa ya malita 20 imadzadza m'masekondi 24 pa paipi yobwerera ku damu, ndiye kuti akudutsa malita 3,000 pa ola, ndipo madzi onse a m'damu amazungulira kamodzi pa maola awiri. Kwa makumba zimenezi zakwanira. Ndowa yomweyo ndi imene imandiuza za thanzi la pampu: masekondi aja akayamba kuchuluka, ndiye kuti masamba kapena ndere zatseka polowera madzi. Kumbali ya magetsi, mawati 60 osapuma amadya mayunitsi pafupifupi 43 pa mwezi, ndipo amene akuganiza zomanga sefa awerengeretu ndalama imeneyi asanagule paipi ngakhale imodzi.

Pa mapaipi pali lamulo limodzi limene latsimikizika chaka chonsechi. Madzi okankhidwa ndi pampu amakwana m'paipi yaing'ono, yanga ndi ya 32 mm. Koma akangolowa mu mgolo woyamba amayenda okha motsetsereka, ndipo madzi oyenda okha amafuna njira yotakasuka. Pakati pa mgolo ndi unzake ndinaika mapaipi awiri a 50 mm, ndipo yobwerera ku damu ndi ya 110 mm. Ena amaona ngati n'kuwononga ndalama, koma pakapita miyezi m'kati mwa paipi mumamera utoto woterera umene umachepetsa njira. Pamwamba pa mgolo uliwonse palinso paipi yosefukira yolunjika m'damu. Popanda imeneyi, neti yosefera imene ili mu mgolo wachiwiri ikatsekeka usiku, pampu imapitiriza kutunga, madzi n'kumatayikira pansi mpaka damu kuuma. Paipi yosefukirayo yagwirapo ntchito kangapo m'nyengo imene mitengo imayoyola masamba, ndipo m'mawa ndinapeza madzi ali pamlingo wake. Pampu nayo sinakhale pansi penipeni. Ili pa njerwa, kuti ngakhale zitavuta chotani madzi ena atsalire nsomba.

Mgolo woyamba mulibe kanthu. Madzi amalowa cham'mbali kudzera mu elibo, amazungulira pang'onopang'ono, ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala n'kudikha pansi, madzi oyera n'kutulukira pamwamba. Mgolo wopanda kanthuwu ndiwo wagwira nyansi zambiri kuposa inzake. Ndikatsegula valavu ya 50 mm pansi pake, mumatuluka matope akuda onunkha, kenako madzi amayera, ndimatseka. Ntchito yonse siidutsa mphindi imodzi, siifuna kuvula nsapato kapena kuzimitsa pampu, n'chifukwa chake ngakhale ana amaigwira ine ndikachokapo. Paipi yotayira inapita ku dimba, ndipo mpiru, repu ndi nthochi zikusangalala nawo matopewo. Valavu ikhale yaikulu. Timipopi ting'onoting'ono ta m'khichini timatsekeka ndi matope pasanathe sabata.

Mgolo wachiwiri ndinadzazamo shedi neti yopindapinda, ija timafunditsa pa nazale. Imagwira tinyansi topepuka timene tathawa mu mgolo woyamba. Yapirira bwino, sinaole, koma ndiyo ntchito yotopetsa pa sefa yonse, chifukwa imafuna kuitulutsa ndi kuikutumula. Kudula netiyo m'zidutswa zing'onozing'ono kumathandiza kuti munthu azinyamula ndi dzanja limodzi. Pano ndichenjeze mwamphamvu: musaikemo neti yotetezera udzudzu. Maneti amenewa amakhala ndi mankhwala monga permethrin kapena deltamethrin, amene ndi poizoni woopsa kwa nsomba ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Neti ija ntchito yake ndi pabedi.

Mgolo wachitatu ndi umene suoneka ngati ukugwira ntchito, koma ndiwo umasunga moyo wa nsomba. Nsomba zimatulutsa amoniya m'madzi, makamaka kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo amoniya akachuluka amazipha ngakhale madzi akuoneka mbee. Pali mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza kwenikweni ndipo zomera zimamudya. Mabakiteriyawa amamata pa chinthu chilichonse chimene madzi a mpweya wokwanira akudutsapo. Ine ndinaikamo zotsekera mabotolo a pulasitiki ndi timapaipi todulidula. Miyala ya kwale ndi njerwa zoswa zimagwiranso ntchito, koma mgolo wodzadza miyala sungautsuke popanda kuthyoka msana, ndipo matope akabisala pakati pa miyala amayamba kununkha ngati dzira lovunda. Mabakiteriya amatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti akhazikike, choncho m'mwezi woyamba nsomba zikhale zochepa, chakudyanso chochepa. Mgolo umenewu sinditsuka ndi madzi a pampopi chifukwa klorini amapha mabakiteriya aja. Ndimatunga madzi a m'damu momwemo, ndipo sinditsuka mgolo wachiwiri ndi wachitatu tsiku limodzi.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri chaka chino ndi kuzima kwa magetsi. Pampu ikaima, mabakiteriya amatha mpweya umene uli mu mgolo, ndipo pakadutsa maola ambiri madzi a mmenemo amavunda. Magetsi akayaka, madzi ovundawo amathamangira kwa nsomba. Ndiye magetsi akazima nthawi yaitali ndimatsegula valavu ya mgolo wachitatu, madzi n'kupita ku dimba, zotsekera zija n'kutsala zonyowa zikupuma mpweya. Mabakiteriya amapirira bwino motero kusiyana ndi kumira m'madzi osayenda. Pa paipi yochokera ku pampu ndinaboola kabowo kakang'ono m'kati mwa mgolo, pamwamba pa mlingo wa madzi. Pampu ikaima, mpweya umalowa pamenepo, madzi a matope a mu mgolo woyamba sayamwidwa kubwerera m'damu.

Nyengo nazo zimasintha zinthu. Mu Juni ndi Julayi madzi amazizira, makumba amadya pang'ono, nyansi zimachepa, ndipo kuponya chakudya chochuluka ngati cha m'chilimwe n'kungodetsa madzi. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yoopsa. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa, pomwe nsomba zikudya kwambiri, ndipo usiku ndere zimapikisana nazo pa mpweya womwewo. Nsomba zikamayasamula pamwamba pa madzi m'bandakucha, ndiye kuti mpweya wachepa. Paipi yobwerera imathira madzi kuchokera m'mwamba kuti azigwa mwaphokoso, ndipo zimenezi zathandiza kwambiri. Chakudya chasinthanso ntchito ya sefa. Madeya ndi otchipa, koma amamwazika ndi kutseka neti msanga. Chakudya choyandama chimandilola kuona zimene nsomba zasiya, ndipo masiku otsukira neti anatalikirana nditayamba kuchigwiritsa ntchito.

Pali zimene sefayi sinathe. Madzi obiriwira sinawayeretse. Ndere zimene zimabiriwitsa madzi ndi zazing'ono kwambiri moti zimadutsa mu neti iliyonse, ndipo ofuna kuona nsomba mpaka pansi amafunika nyali ya UV, imene kuwala kwake kumapha nderezo. Kwa ine si vuto lalikulu chifukwa makumba amadya ndere zomwezo. Mthunzi pa theka la damu wachepetsa kubiriwirako. Wina anandilangiza kuika namasupuni kuti aziyamwa nitrate, ndinakana. Chomera chimenechi chavutitsa kale mu mtsinje wa Shire, ndipo mvula imodzi yamphamvu ikhoza kuchikokolola kuchoka kuseri kwa nyumba kukalowa mu ngalande. Kutaya madzi pang'ono ku dimba ndi kuthiramo atsopano kukugwira ntchito yomweyo. Madzi a pampopi ndimayamba ndawagoneka mu mgolo wosavundikira kuti klorini auluke.

Sefa siiletsanso makumba kuswana. Yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, ana ambiri amapulumuka, ndipo damu limadzadza msanga kuposa mphamvu ya migolo itatu. Kupatula nsomba zina ndi ntchito yosathawika. Tiana tinkayamwidwanso ndi pampu, mpaka ndinaiika mu basiketi ya pulasitiki yokutidwa ndi neti.

Pa zolumikizira, pamene paipi yalowa mu mgolo ndi pamene pamadontha, chifukwa khoma la mgolo ndi lokhota ndipo guluu wa PVC samata pa pulasitiki ya migolo imeneyi. Zolumikizira za mazinga zokhala ndi mphira, zija mapulambala amaika pa thanki, zakhala zouma chaka chonse. Dzuwa lafooketsa mapaipi amene anali pamtetete, ndiye ndawapaka penti.

Chofooka chenicheni cha kamangidwe aka n'chakuti pampu ili patsogolo pa sefa. Imapera ndowe za nsomba zisanafike mu mgolo woyamba, ndipo zoperekazo sizidikha msanga, zimakathera mu neti. Amene damu lake lilipo kale, njira yangayi ndi yotheka ndipo ndikumulimbikitsa. Koma amene sanathire simenti, atsetseretse pansi pa damu kulozera pakati, akwirire paipi ya 110 mm yochokera pamenepo, migolo ikhale m'dzenje pamlingo umodzi ndi damu, pampu ikhale mu mgolo womaliza. Ndowe zidzafika zathunthu, ndipo pampu idzakankha madzi oyera okhaokha. Kwanga kuswa simenti sikutheka, choncho chimene ndikusungira ndalama panopa ndi kapampu ka mpweya koyendera batire ndi sola, kuti kakhale kalipo Okutobala asanafike.