TV yachibokosi ya mainchesi 29: ndiyabwino, bola mudziwe posintha chithunzi

Ndinagula TV imeneyi yogwirapo kale ntchito, yagalasi lafulati, ndipo ndakhutira nayo. Koma inu amene mukufuna kugula yotere, musaisiye mmene mwaipezera. Mu menyu ya chithunzi muli 100Hz ndi Progressive, ndipo ziwirizi zimasiyana kwambiri.

Chithunzi chimene dikoda imatumiza pachingwe chachikasu chija ndi cha mtundu wotchedwa PAL, cha mizere 576 yooneka. Mizereyi sifika yonse pamodzi. Imabwera theka, molumphalumpha, kenako theka linalo, ka 50 pa sekondi. Ndiye interlaced imeneyo, ndipo n'chifukwa chake ma TV akale ankaphethira.

Pa 100Hz, TV imaonetsa theka lililonse kawiri, kuphethira kuja n'kutheratu. Tsiku la Bullets ndi Wanderers ndimaika pamenepa, chifukwa bwalo lonse limakhala bata ndipo maso satopa mpaka mpira kutha. Vuto lake, goloboyi akaumenya wautali kamera n'kuuthamangira, mpira umaoneka ngati ilipo iwiri. Mawu oyenda m'munsi nthawi ya nkhani nawonso amakoka kamthunzi.

Mtima wanga uli pa Progressive. Apa TV imalumikiza matheka aja n'kujambula mizere yonse nthawi imodzi. Timalemba ta zigoli pakona, tomwe timanjenjemera pa 100Hz, timaima nji. Munthu akavala malaya a timizere topyapyala, timizereto sitivinanso. Mafilimu a pa DVD za PAL ndiye osanena: amakhala ndi zithunzi 25 pa sekondi, matheka awiri aja amachokera pachithunzi chimodzi, choncho amagwirana bwinobwino mpaka tsitsi la munthu kumaoneka lililonse palokha. Mukakhala ndi chingwe cha component, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu chija, gwiritsani chimenecho, mudzaona nokha. Kungoti malo oyera aakulu, monga mitambo, amaphethirako pang'ono, makamaka mukayang'ana cham'mbali. Ine ndinachepetsa contrast ndipo zinachepa.

Ana akalumikiza PlayStation 2 amati batani likuchedwa pang'ono kuyankha, kaya pa 100Hz kaya pa Progressive. Akunena zoona, chifukwa TV imayamba yasunga chithunzi n'kuchikonza isanachionetse.

Konzekeraninso tebulo lolimba ndi anthu awiri onyamula, ndiyolemera zedi. Mayunitsi a magetsi imadyanso kuposa ma LED, choncho ngati nyumba yanu imadalira kasola kakang'ono, imeneyi ilekeni.