Trello, Asana, Monday.com, ClickUp kapena Basecamp: funsani kaye kuti kasitomala alowa bwanji

Anzanga amene muli ndi timakampani ta anthu ochepa, ena opanga mavidiyo, ena osindikiza mabanala, ena ogwira ntchito za mabungwe, mwakhala mukundifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, inu ntchito zanu mumayendetsera pa pulogalamu iti?" Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe kamodzi, poyera. Ife timapanga zojambula ndi mavidiyo ku Lilongwe, ndipo mapulogalamu amenewa ndawagwirapo, ena kwa nthawi yaitali, ena mongolawa.

Sinditaya nthawi ndi zomwe onsewa ali nazo. Paliponse mumalemba ntchito, kuipereka kwa munthu, kuika tsiku loti ithe, foni n'kumakukumbutsani. Pomwe amasiyana kwenikweni ndi pawiri: kasitomala wanu alowamo bwanji, ndipo akalowa bilu yanu ikhala yotani.

Nkhani ya biluyi ndiyo inandiwawa. Pali pulogalamu ina, sindiitchula dzina, yomwe tinalipira ya chaka chonse chifukwa mtengo wake unkaoneka wabwino. Patapita miyezi ingapo tinapeza ntchito ya bungwe lina, ndipo iwo anapempha kuti anthu awo aziona mmene ntchito ikuyendera: mayi woyang'anira zofalitsa mauthenga, bambo wa zachuma, ndi abwana awo. Linali pempho labwinobwino. Ndinalemba maimelo awo pamalo oitanira anthu, n'kudina. Panalibe chenjezo looneka bwino loti aliyense woitanidwayo akuwerengedwa ngati wantchito wathu. M'mawa mwake foni inalira, uthenga wochokera ku banki: khadi la Visa ladulidwa madola. Munthu aliyense anamuwerengera miyezi yonse yotsala ya chakacho, ndipo ndalamazo anadula nthawi imodzi. Abwana a bungwe aja sanatsegule n'komwe pulogalamuyo mpaka ntchito inatha.

Nditalembera eni pulogalamuyo, anayankha mwaulemu kuti ndalama sabweza, koma ndikawachotsa anthuwo, zotsalazo azisunga mu akaunti yathu kuti zidzagwire ntchito chaka chamawa. Ndalama zosungidwa mu akaunti ya kampani yakunja simungagulire pepala kapena kulipirira mnyamata wa kamera. Ndipo ululu waukulu unabwera pambuyo pake. Mukudziwa kuti ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, mabanki amaika malire a madola amene khadi lingatulutse. Kudulidwa kumene kuja kunadya malire onse a mwezi umenewo. Tsiku lolipira pulogalamu yomwe timajambulira litakwana, khadi linakana, ndipo ntchito ya kasitomala yemweyo inaima.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena kuti "ndi madola 10 okha pa munthu" mtima umandiwawa. Choyamba, mtengo umene amaulemba ndi zilembo zazikulu nthawi zambiri ndi wa munthu amene walipiriratu chaka chonse. Wolipira mwezi ndi mwezi amapereka zochulukirapo. Chachiwiri, tawerengerani nokha. Anthu 6 pa madola 10 ndi madola 60 pa mwezi, 720 pa chaka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa mtengo umenewo, madola 720 ndi ndalama zopitirira K1.2 miliyoni. Eni pulogalamu sanakweze kalikonse, koma kwa ife bilu inakwera usiku umodzi. Kampani ya ku London kapena ku Johannesburg sizimva zimenezi mmene ife timazimvera.

Ndi maso amenewo, tiyeni tiwaone.

Monday.com ndi yokongola kuposa onse, sindikana. Mitundu yake imakopa, ndipo mukaionetsa pa msonkhano kasitomala amaona kuti muli ndi dongosolo. Koma kagulitsidwe ka mipando yake, kutanthauza malo a munthu aliyense wolowa mu pulogalamuyo, sindigwirizana nako ngakhale pang'ono. Ya ulere ndi ya anthu awiri okha. Mukafuna kulipira, muyambira pa mipando itatu, ndipo kuchoka apo imalumpha: 5, 10, 15. Ngati muli anthu 6, mulipira mipando 10. Zili ngati kondakitala wa minibasi akukulipiritsani mipando inayi yopanda anthu chifukwa choti mwakhala pafupi nayo. Kuitana alendo ngati makasitomala kuti agwire nanu ntchito kulibenso pa mtengo wotsikitsitsa, muyenera kukwera sitepe ina. Kampani yaikulu yomwe madola si vuto ingaikonde. Ine ayi.

Asana ndimailemekeza. Anaiyambitsa mu 2008 ndi Dustin Moskovitz, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Facebook, pamodzi ndi Justin Rosenstein, ndipo imaoneka kuti inapangidwira ntchito zazitali zomwe china sichingayambe chinzake chisanathe. Ngati mukuyendetsa pulojekiti ya miyezi 18 yokhala ndi malipoti a miyezi itatu iliyonse, Asana imagwira bwino. Pa nkhani ya makasitomala ili ndi lamulo labwino: munthu amene imelo yake si ya kampani yanu amatengedwa ngati mlendo, ndipo mlendo salipiridwa. Koma lamulo limeneli limayenda pamene kampani yanu ili ndi maimelo akeake, othera ndi dzina la kampaniyo. Ambiri a ife tonse tili pa Gmail, ndipo zikatero pulogalamu ilibe njira yosiyanitsira wantchito ndi mlendo mwa imelo. Ya ulere kale inkalola anthu 15, koma chiwerengerocho akhala akuchitsitsa. Kuona ntchito pa mzere wa nthawi, chomwe ambiri amaifunira, n'kolipira.

ClickUp imafuna kukhala chilichonse nthawi imodzi: zolemba, macheza, zolinga, kuwerenga maola, zonse. Ya ulere siika malire a chiwerengero cha anthu, ndipo zimenezi n'zoyamikika, ngakhale malo osungira mafayilo ndi ochepa kwambiri. Vuto lake ndi kuchuluka kwa mabatani. Munthu watsopano amasochera, ndipo pa foni yaing'ono ndi netiweki yofooka, pulogalamu yodzaza chonchi imatopetsa. Mukaganiza zolipira, mumalipirira mamembala onse, osati awiri okha amene akufuna zowonjezerazo. Ngati gulu lanu ndi la anthu okonda kusewera ndi makompyuta, isangalatsani. Kasitomala musamulowetsemo.

Jira isiyireni olemba mapulogalamu a kompyuta, ndi amene anaipangira. Notion ndi yabwino posunga zolemba za kampani, monga mitengo yanu ndi malamulo a mu ofesi, koma kuti ikhale yoyendetsera ntchito muyenera kuimanga nokha, ndipo nthawi imeneyo ambiri tilibe.

Tsopano Trello, yomwe ndakhala nayo ndipo sindibisa kuti ndimaikondera. Kampani ya Atlassian, eni ake a Jira, inaigula mu 2017, koma kuphweka kwake kudakalipo. Bolodi lathu, tsamba lomwe timandandalikapo ntchito, lili ndi mizere isanu: Zangobwera, Tikupanga, Zili kwa kasitomala, Zavomerezedwa, Talipidwa. Ntchito iliyonse ndi khadi. Mtsikana wathu wojambula akamaliza banala, amagwira khadilo ndi chala n'kulikokera ku mzere wachitatu, basi. Lolemba m'mawa ndikatsegula, ndimaona nthawi yomweyo kuti mzere wa Zavomerezedwa watupa pamene wa Talipidwa uli mbuu, ndiye ndimadziwa kuti lero ndi tsiku loimba mafoni otsatira ndalama. Sindinaphunzitsepo munthu Trello kupitirira nthawi yomwera tiyi. Pa foni imagwiranso ntchito popanda intaneti: magetsi akazima, netiweki n'kuthawa, mumalembabe pa khadi, ndipo netiweki ikabwera zonse zimalowa zokha. Kwa munthu amene amapita kukajambula kumudzi, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Malire ake muwadziwe. Ya ulere imalola mabolodi 10, ndipo kuyambira mu 2024 imalola anthu 10 okha, kuwerengera ndi alendo omwe. Fayilo iliyonse isapitirire 10MB, kotero vidiyo siingalowe. Ife timaika pa Google Drive, pomwe pali 15GB yaulere, n'kumata linki pa khadi. Mukayamba kulipira, gwirani lamulo ili: mlendo amene ali pa bolodi limodzi salipiridwa, koma mukangomuika pa lachiwiri, wasanduka mpando wolipira. Choncho kasitomala mmodzi, bolodi limodzi. Chofooka chake china n'chakuti ntchito zikachuluka, kuona mabolodi onse pamodzi pa kalendala kapena pa mzere wa nthawi kumafuna mtengo wapamwamba. Ndiponso kasitomala amene mwamuika pa bolodi amaona zonse za pa bolodilo, ndi ndemanga zanu zomwe, ndiye zokambirana za m'nyumba zimafuna bolodi lina.

Apa m'pomwe Basecamp imawapitirira onse. Yakhalapo kuyambira 2004, yopangidwa ndi kampani ya 37signals ya ku Chicago, yomwe poyamba inkapangira makasitomala mawebusayiti. Zimaonekeratu kuti anthu amenewa anavutikapo ndi makasitomala ngati ife. Mukamuitana kasitomala, chilichonse chimakhala chobisika kwa iye mpaka inu mutasankha kuti ichi aone. Mutha kukangana za mtengo kapena kudandaula za kusinthasintha kwake mkati mwa pulojekiti yomweyo, iye osaona kanthu. Chachiwiri, sakakamizidwa kuphunzira pulogalamu. Uthenga umamufikira pa imelo, iye n'kungoyankha imeloyo, yankho lake n'kulowa pamalo pake. Chachitatu, chomwe chimandikhudza kwambiri, makasitomala salipiridwa. Mu 2025 munkalipira madola 15 pa wantchito wanu aliyense pa mwezi, alendo kaya akhale angati. Makampani aakulu anali ndi mtengo umodzi wa madola 299 pa mwezi, wolipira pachaka, wopanda malire a anthu. Madola 15 pa munthu si masewera kwa ife, ndipo amene amakonda matebulo ndi malipoti ambirimbiri aiona ngati yosakwanira. Koma bilu yake mumaidziwa lero, ndipo siisintha chifukwa choti mwachitira kasitomala ulemu womuonetsa ntchito yake.

Pali mpikisano wina womwe mawebusayiti akunja oyerekeza zinthuzi sautchula: WhatsApp. Kunena zoona, kasitomala wa kuno simudzamuchotsa pa WhatsApp. Bandulo yake pa Airtel kapena TNM ndi yotsika mtengo kuposa ya intaneti yonse, yomwe mapulogalamu enawa amafuna, ndipo munthu amaitsegula tsiku lonse. Mungamutumizire linki ya bolodi, adzayankha kuti "Ndaona bwana," kenako n'kutumiza voice note ya mphindi zinayi ali pa galimoto. Mkati mwa mphindi zinayizo muli mawu oti mtundu wobiriwira usinthe, muli kuvomereza mtengo, muli ndi moni wa kunyumba. Pakatha milungu itatu, banala itasindikizidwa kale, akuti sananene zimenezo. Mudzasakasaka m'gulu lodzaza ndi mauthenga a Lamulungu ndi zithunzi za ukwati. Zithunzi nazo WhatsApp imazifinya ngati simunazitumize monga fayilo, ndipo wantchito akasiya ntchito amapita ndi mbiri yonse m'foni mwake.

Ife sitilimbana nayonso. Kasitomala amalankhula pomwe wazolowera, koma amene walandira uthengawo amaulemba pa khadi tsiku lomwelo, n'kumubwezera mawu achidule: "Mayi, tamva kuti mwavomereza chojambula chachiwiri, mtundu wobiriwira ukhale woderapo, tisindikiza Lachinayi. Tatero?" Akayankha kuti "Eya," timajambula yankholo n'kulimata pa khadi. Chizolowezi chimenechi chatipulumutsa ku mikangano yambiri kuposa batani lililonse la pulogalamu yodula.

Ndiye mukandifunsa kuti nditenge iti, ndikufunsani kuti muli angati ndipo madola mumawapeza bwanji. Ngati simukupitirira anthu 10, yambani ndi Trello yaulere ndi Google Drive, ndipo musalipire kanthu mpaka malire atakupanikizani zenizeni. Ngati makasitomala anu ndi mabungwe ofuna kuona chilichonse cholembedwa, ndipo ena amakulipirani m'madola, Basecamp ndi yomwe ndingaike ndalama zanga. Bungwe lokhala ndi maimelo akeake ndi mapulojekiti aataliatali litenge Asana. Monday.com, kwa gulu la anthu 6 kapena 7, sindingakulangizeni.

Iliyonse imene mungasankhe, miyezi yoyamba lipirani mwezi ndi mwezi ngakhale zikudulirapo, kuti kwacha ikagwedezeka kapena pulogalamu ikakukanani muthe kutuluka. Musanaitane kasitomala woyamba, tsegulani tsamba la malipiro muone chiwerengero cha mipando, muitaneni, kenako mubwererenso pa tsambalo muone ngati chasintha. Ndipo ngati pulogalamuyo ikulola, tsekani kuti woitana anthu atsopano akhale munthu mmodzi yekha, yemwe uthenga wa ku banki umafikira pa foni yake.