Mapensau a ku Matundo: kogoneka abale akabwera kudzaona wophunzira ku Tete

Wophunzira wa ku Angónia kapena ku Tsangano amene ali pa sukulu ya ukachenjede ya ISPT, ya UniZambeze kapena ya UniPúnguè mumzinda wa Tete ku Mozambique, kawirikawiri amakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi kuseri kwa nyumba ya munthu, mwinanso akugawana ndi mnzake. Tsiku lomaliza maphunziro likayandikira, kumudzi kumanyamuka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi: amayi, abambo, agogo, atsibweni, ndi mdzukulu amene wakana kutsala. Kachipinda kaja sikangawalandire, ndipo vuto si kuchepa kwa malo kokha. Abambo sangagone chipinda chimodzi ndi mwana wawo wamkazi wamkulu, ndipo ngati pagulupo pali mkamwini, apongozi sangayale mphasa pafupi naye. Mahotela a pakati pa mzinda mitengo yake ndi ya anthu a makampani a malasha, komanso salola mbaula pakhonde. Ndiye ambiri amathera ku mapensau, nyumba zing'onozing'ono zogona alendo, a m'madera a Matundo ndi Chingodzi mumzindamo, aja a zipinda zoyang'anizana, bwalo pakati, geti lachitsulo kutsogolo. Amenewa ndiwo tikuwaunika pano.

Tinene msanga maganizo athu: kwa banja lochokera kumapiri, mapensau amenewa ndi oyenera kuposa hotela, koma bedi ndi chinthu chotsiriza kuyang'ana. Chimene mukulipira ku Tete ndi mphepo, madzi ndi pophikira. Pensau ikalephera chimodzi mwa zitatuzi, ngakhale ikhale ndi makatani okongola bwanji, alendo adzabwerera kwawo akudandaula.

Malo ake alibe vuto. Chapa, minibasi yonyamula anthu, yochokera ku Ulónguè ku Angónia imatsika kudzera pa Mussacama, n'kulowa msewu wa N7, kudutsa Moatize, ndipo imafika mbali ya Matundo isanawoloke mlatho wa Samora Machel. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 200, wa maola anayi kapena kuposa, malingana ndi kuimaima kwa panjira. Alendo atha kutsika komweko ndi matumba awo osawoloka mtsinje wa Zambezi. ISPT nayo ili ku Matundo komweko. Amene mwambo wawo womaliza maphunziro uchitikira tsidya lina anyamuke molawirira, chifukwa pamlatho m'mawa magalimoto amathithikana, ndipo txopela imodzi, kanjinga kamoto ka matayala atatu, imanyamula anthu atatu okha. Anthu asanu ndi mmodzi ndiye kuti matxopela awiri, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere.

Tsopano kutentha, pomwe pagona nkhani. Ulónguè ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pamene Tete ili m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Agogo amene anazolowera kufunda bulangete ku Dómuè amavutika kwambiri usiku woyamba. N'chifukwa chake chipinda musachione m'mawa. M'mawa zipinda zonse zimaoneka zabwino. Pitani cha m'ma 3 koloko masana, lowani, tsekani chitseko, muimirire kanthawi. Ikani dzanja pakhoma. Khoma loyang'ana kolowera dzuwa limamwa kutentha masana onse n'kumakulavula usiku mpaka pakati pa usiku, ndipo fani imangozunguza mpweya wotentha womwewo. Yang'ananinso kudenga. Zipinda zambiri za mtengo wotsika zili ndi malata opanda siling'i, ndipo m'menemo masana simukhalika. Chipinda chabwino ndi chimene chili ndi siling'i, mawindo mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, ndipo chili pamthunzi wa mtengo kapena wa nyumba ina madzulo.

Mapensau ambiri ali ndi mitengo iwiri, wa chipinda cha fani ndi wa chipinda cha makina oziziritsa mpweya. Si onse amene afunika cha makina. Tengani chimodzi cha makina cha agogo, amayi ndi mwana wamng'ono, amuna agone cha fani. Koma makinawo ayeseni mulipo. Akayaka, dikirani mphindi khumi: ngati mpweya ukutuluka koma sukuzizira, ndiye kuti gasi anatha kapena zosefera zake zadzaza fumbi, ndipo fumbi ku Tete silisowa. Ngati akudontheza madzi pakhoma m'kati, kapaipi kotulutsa madzi katsekeka. Mwini wake akanena kuti mmisiri abwera mawa, sankhani chipinda china.

Pali chinthu chimene ambiri safunsa ndipo chimadzawapweteka usiku: Credelec, magetsi olipiriratu a pamita. Mapensau ena ali ndi mita imodzi ya bwalo lonse, ena anaika mita pachipinda chilichonse ndipo mlendo amadzigulira yekha magetsi. Zonse ziwiri zili ndi msampha wake. Pa mita imodzi, magetsi akatha 2 koloko usiku mlonda sakhala ndi ndalama, mwini wake foni wazimitsa, ndiye bwalo lonse limatulukira panja. Pa mita ya chipinda, mtengo wa chipinda umaoneka wotsika koma magetsi ali pambali. Werengerani motere: makina ang'onoang'ono oziziritsa mpweya amadya pafupifupi mayunitsi 6 kapena 7 usiku umodzi wotentha, pamene fani yoima pansi imadya theka la yunitsi kapena kupitirira pang'ono. Onani nambala imene ili pamita tsiku lofika, ndipo lembani nambala ya mitayo mufoni. Magetsi amagulika pa M-Pesa nthawi ina iliyonse, mumalandira manambala 20 oti mulowetse pamita, koma ngati mitayo ili m'chipinda chokhoma cha mwini nyumba, manambalawo alibe ntchito mpaka kutacha. Funsani kuti kiyi amasunga ndani.

Madzi ndiye gawo limene mapensau amasiyana kwambiri. Pampopi madzi satuluka tsiku lonse m'madera ena, choncho pensau yodalirika imakhala ndi thanki pamwamba ndi pampu yokwezera madzi. Tsegulani mpopi wa kubafa, kokani chotsukira chimbudzi, muone ngati chikudzazanso. Dziwaninso kuti pampu imayendera magetsi, ndiye magetsi akathima nthawi yaitali thanki ikatha basi. Mapensau osamala amaika mgolo wodzaza ndi ndowa m'bafa lililonse. Munthu mmodzi amatha ndowa ya malita 20 posamba, ndipo ku Tete anthu amasamba kawiri patsiku, ena katatu. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limafuna malita osachepera 250 patsiku, osawerengera kuchapa. Thanki yakuda yokhala padzuwa imatenthetsa madzi moti masana sasambika. Tungani ndowa m'mawa muziike pamthunzi. Akumwa gulani zigubu za malita 20 kapena wiritsani, ndipo werengerani malita atatu pamunthu. Akuluakulu samva ludzu msanga, ndiye muziwapatsa madzi asanapemphe. Agogo akayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, asiye kuyenda, akhale pamthunzi, amwe pang'onopang'ono. Akayamba kusokonezeka kapena kukomoka, ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo.

Ubwino waukulu wa mapensau amenewa ndi bwalo lophikira. Amayi a ku Angónia sabwera chimanjamanja. Amabwera ndi ufa woyera, nyemba, kachewere, kabichi, mwina nkhuku yamoyo m'dengu, ndipo kuwauza kuti tikadye kulesitilanti masiku atatu ndi kuwanyoza, kuwonjezera pa kuwononga ndalama. Mapensau ambiri amalola kuphika pambaula kuseri, ena amabwereketsa miphika, koma mthiko ndi chipande bweretsani zanu. Ufa wa makilogalamu 10 umakwanira anthu asanu ndi mmodzi masiku atatu, nsima kawiri patsiku, n'kutsalako wa phala. Makala amagulika m'timatumba pafupi ndi misika ya komweko.

Zimene zimalakwika pazakudya zimachokanso ku kutentha. Kachewere akasiyidwa m'thumba lomanga amachita thukuta n'kuyamba kuola tsiku lachiwiri. Mukhutuleni pansi pamthunzi. Nyemba zophika m'mawa zimafika madzulo zitagaga ngati sizinatenthetsedwenso masana mpaka kubwadamuka. Nkhuku iphedwe tsiku lofika, chifukwa imakhala itafooka kale ndi ulendo. Firiji ya pensau nthawi zambiri imakhala imodzi, yodzaza ndi zakumwa zogulitsa, ndipo nyama yanu imaikidwa mwa chisomo chabe, choncho gulani ya tsiku limodzi. Nyama ya mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka ndipo ndi yoyenera tsiku la phwando. Pende wa mumtsinje amapezekanso pamsika wa Kwachena ndi m'misika ina. Chicoa, nsomba youma ya mchere ija, iviikidwe m'madzi maola angapo, madziwo asinthidwe kawiri, apo ayi alendo adzakhalira kumwa madzi usiku wonse.

Pali mbali imodzi imene sitingaibise. Mapensau ena amakhala ndi bala kutsogolo ndipo amabwereketsa zipinda kwa maola ochepa. Masana simungadziwe. Usiku wa Lachisanu nyimbo zimagunda mpaka mbandakucha, anthu amalowa awiriawiri n'kumatuluka, ndipo wophunzira amene wagoneka abambo ake ndi atsibweni pamalo otere sadziwa koyang'ana. Dutsanipo usiku cha m'ma 9 koloko musanalipire. Mukaona njinga zamoto zambiri pageti ndi zokuzira mawu pakhonde, pitirirani. Ngati palibe kwina, pemphani zipinda za kumapeto kwa bwalo, kutali ndi geti.

Udzudzu ulipo, makamaka mvula ikayamba. Maneti a m'mapensau ambiri ndi obooka kapena palibe pomangirira. Amayi abweretse maneti awiri ndi chingwe. Nsalu za pabedi nthawi zambiri zimakhala zochapa, koma tukulani matilesi muyang'ane m'misoko. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi.

Pa kasungitsidwe ka malo mpamene mapensau ambiri amakhumudwitsa. Sabata ya mwambo zipinda zimasowa, mitengo imakwera, ndipo lonjezo la pakamwa silisunga chipinda: wina akabwera ndi ndalama m'manja, amapatsidwa. Pitani milungu iwiri kapena itatu isanafike, lipirani gawo lina kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kuti uthenga ukhale umboni, ndipo papepala alembe nambala za zipinda, masiku, mtengo wa usiku umodzi ndi ndalama yotsala. Nambala ya chipinda ndi yofunika, chifukwa popanda iyo adzakupatsani chija cha malata chimene munachikana. Funsaninso ngati mtengo ndi wa chipinda kapena wa munthu. Ena amalola anthu atatu m'chipinda, wachitatu pamphasa kapena pamatilesi owonjezera, ena amalipiritsa mutu uliwonse ndipo amakuuzani tsiku lotuluka. Ola lotulukira ndi ola lotsekera geti zidziwike, popeza chapa yobwerera kumapiri imanyamuka m'mawa kwambiri ndipo mlonda ayenera kudzutsidwa.

Polembetsa amafunsa BI, chiphaso cha unzika. Abale ochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, olowera pa Calómuè kapena pa Zóbuè, asunge zikalata zawo zowolokera malire pafupi, ndipo makwacha asinthiretu kukhala metical, ndalama ya ku Mozambique, asanafike, chifukwa pensau silandira makwacha. Ogwira ntchito ambiri amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Chinyungwe ndi Chichewa zimamvanako, moti amayi atha kupempha madzi kapena makala popanda womasulira, koma nkhani ya ndalama aikambe wophunzira yekha.

Zokaona sizifuna ndalama zambiri. Dzuwa likapendeka, kuyenda wapansi pamlatho wa Samora Machel n'kuona Zambezi kuchokera pamwamba kumawakwanira alendo ambiri, makamaka amene sanaonepo mtsinje waukulu chotero. Mwana asatsikire kumadzi, muli ng'ona. Kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko masana musakonze ulendo uliwonse. Imeneyo ndi nthawi yokhala pamthunzi wa bwalo, ndipo apa mpamene pensau yokhala ndi mtengo waukulu wa mthunzi pakati pa bwalo imaposa ina ya matailosi onyezimira koma bwalo la simenti lopanda kanthu.

Kwa mnzanu mmodzi kapena awiri obwera kudzacheza kumapeto kwa sabata, chipinda cha fani chokhala ndi siling'i n'chokwanira, ndipo zambiri tanenazi sizimukhudza. Kwa banja lonse, tengani zipinda ziwiri zoyandikana, chimodzi cha makina, pamalo pamene mwaona thanki ndi maso anu ndipo mwadutsapo usiku. Mukapeza kuti zipinda zotere zatha, ndi bwino kugawa alendo, akazi ku pensau ndipo amuna kwa anzanu a m'kalasi amene ali ndi malo, kusiyana ndi kuwatsekera onse m'chipinda cha malata mu Novembala.